Manda Awiri a Mayi Mere

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kunena kuti ndinagona n'kukokomeza. Amayi a kumpingo anali atatopa ndi kuimba. Ena anagona chokhala, ena atadzipinda pamphasa, nsalu zili kumutu. Thupi la mayi anga linali kuchipinda, pamkeka, litafundidwa nsalu yoyera, ndipo ine ndinadzigoneka chopingasa pakhomo pa chipindacho kuti wofuna kulowa ayambe waponda ine. Anthu amati ndine wokayikakayika. Anene. Ndakhala ku Chinsapo kuyambira kudakali minda yokhayokha, ndipo maliro ndaona ambiri: pamasowa mbale, pamasowa mipando, pena pamasowa ndi tsitsi la malemu lomwe.

Panja moto wa abambo unali utatsala makala. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ngakhale kunali kusanache, malata ankatulutsabe kutentha kwa dzulo lake. Ndinaona okumba manda akunyamula makasu ndi mapiki, mwana wanga wamwamuna ali patsogolo kukawaonetsa malo amene amfumu anatipatsa. Kuseri kwa nyumba amayi anali atayamba kusonkha moto pamafuwa ndi kutereka nyemba. Ndinapita kukaona nkhuni. Zinali zitachepa kuposa mmene moto wa usiku umodzi ungadyere. Ndinangoona amene anathawitsa maso.

Mayi anga anthu onse ankawatchula Mayi Mere. Dzinalo anawapatsa ndi azungu. M'nthawi ya atsamunda anagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina pa esiteti ya fodya, ndipo anatulukamo ali ndi khanda kumbuyo. Khandalo ndine. Za bambo anga sindinafunsepo kawiri. Khungu langa linkayankha lokha, ndipo ndikaiwala, anzanga kusukulu ankandikumbutsa. Koma chimene mayi sanatchulepo n'kamodzi komwe ndi kwawo. Analibe mfunda, analibe malume, analibe mudzi wopitako pa Khirisimasi. Munthu akawafunsa kuti kwanu n'kuti, ankaloza pansi pamene aima. Anandilera ndi maganyu a m'minda ndi kugulitsa thobwa, ine ndinawasunga mpaka mano onse atatha m'kamwa.

Sabata lomaliza, ndikuwasambitsa, anandigwira dzanja ndi mphamvu zimene sindinkaganiza kuti adakali nazo. Anati, "Adzabwera. Usawapatse." Ndinafunsa kuti ndani, koma anatembenukira kukhoma. Ndinayesa ndi zolankhula za munthu amene mutu wayamba kumuthawa. Komabe mawuwo ndinawasunga, chifukwa ine sinditaya kanthu.

Kutayamba kuyera, amene anandivutitsa mtima ndi Tadala, mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi. Amakhala ku Nsungwi ndipo amagwira ntchito ya muofesi ku Kanengo. Kwa zaka ziwiri mwanayu anali pakalikiliki kufufuza kumene agogo ake aakulu anachokera. Ankabwera Loweruka, kumawafunsa mafunso akumwa tiyi, iwo n'kumangomuyang'ana. Ndinamuletsa kangapo. Ndinamuuza kuti chimene munthu wachikwirira yekha moyo wake wonse si cha mwana kufukula. Iye ankati, "Agogo, ana anga akadzandifunsa kuti ndife a kuti, ndidzati ndife a pasiteji ya minibasi?" M'mawa umenewo anachangamuka mopitirira. Watunga madzi, wasesa, wandibweretsera tiyi amene sindinamupemphe. Foni ili m'manja, maso ali kumsewu. Munthu akamakukomera mtima chotero, pali chimene wachita.

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anayamba kudzaza. Anabwera a ku Biwi ndi a ku Kawale amene ndinkagulitsa nawo kumsika, anabwera a mumpingo atavala zoyera, anabweranso ena amene mayi akudwala sanapondepo pakhomo pano, ndipo amenewo ndi amene analira mokweza kuposa onse. Kalipentala anabweretsa bokosi pa ngolo yokankha, likununkhabe vanishi, n'kuliika pamthunzi pafupi ndi khomo. Chimene tinkadikira ndi amayi awiri achikulire a kumpingo oti andithandize kusambitsa thupi. Kunkatentha, ndipo aliyense ankadziwa kuti thupi la masiku awiri silingadikire mpaka madzulo.

Pamenepo ndi pamene galimoto inafika. Inali pikiapu yoyera, yofiira ndi fumbi la ulendo wautali. Inachepetsa liwiro pa masamba amene tinayala pamsewu, koma m'malo moima patali monga achitira olira anzathu, inakhota n'kubwerera chammbuyo, kumbuyo kwake kuloza pakhomo panga. M'mwamba munali amuna asanu ndi mmodzi. Atatsika ndinaona zimene anakhalira: matiresi oyala bwinobwino ndi zingwe zokulunga. Munthu wobwera kudzalira sabwera ndi matiresi ndi zingwe.

Kutsogolo kunatsika bambo wa jekete yakuda, kenako anathandiza gogo wina wamng'ono thupi, wa ndodo. Gogoyo ataponda pansi anaima kaye n'kukweza chibwano kuyang'ana nyumba, ndipo kakwezedwe ka chibwanocho ndinkakadziwa. Ndinayang'ana kumbali msanga.

Ndinamugwira Tadala pamkono mpaka kuseri kwa bafa. Sanavute n'komwe. Anati mwezi wathawo anapita ku mishoni ina yakale, anamutsegulira mabuku a ubatizo, ndipo anapeza Mere wina amene anabatizidwa pamodzi ndi khanda lake, dzina la mudzi litalembedwa pambali. Anakwera basi, anakaupeza mudziwo, anasiyako nambala ya foni. Mayi atamwalira anawaimbira.

"Ndimati angobwera kudzalira, agogo. Za matiresizo sindimazidziwa."

"Unawauza kuti nyumba ili pati?"

"Eya."

"Ndiye wawapatsa kale."

Analira, koma ine ndinalibe nthawi ya misozi ya munthu wamoyo.

Abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango. Mwana wanga anamuitanitsa kumanda, anafika thope lili m'miyendo. Mkulu wa mpingo anakhala pakati. Ife amayi tinakhala chapatali pamphasa, koma ine ndinasendera mpaka pamene ndikanamva ndi kupuma komwe. Bambo wa jekete anayamba mwaulemu wonse. Anapepesa ndi zovuta. Anati achokera ku Dedza, kuseri kwa phiri. Anati amene agona m'nyumbamo ndi mayi awo aakulu, mkulu wake wa gogo wa ndodoyo, ndipo mfunda wawo ndi Nabanda. Anasowa kalekale iwo asanabadwe. Kenako anati, "Tikuthokoza kuti munatisungira. Tsopano tabwera kudzawatenga, akagone kwawo." Analankhula ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosochera m'khola la mnzake.

Mwana wanga anati manda atha kale kukumbidwa. Bambo uja anayankha kuti nawonso akumba, ndipo anthu kumudzi ali chikhalire kudikira.

Aliyense wamkulu pamenepo ankadziwa tanthauzo lake. Manda okumbidwa sagona opanda kanthu. Ngati mwini wake safika, amadula thunthu la nthochi n'kuikamo, n'kukwirira, kuopa kuti dzenjelo lingaitane munthu wina wa pabanjapo. Ndipo banja limene lakwirira nthochi limakhala nkhani ya m'mudzi kwa zaka. Tsopano panali manda awiri, thupi limodzi. Mbali imodzi inayenera kukwirira nthochi dzuwa lisanalowe.

Mkulu wa mpingo, munthu wabwino koma wokonda kuti aliyense amuyamikire, anatsokomola n'kunena kuti ngati alidi abale enieni a kuchikazi, mwambo uli kumbali yawo, ife a m'tauni sitingakanize. Ndinaona mitu ikugwedezeka, ngakhale ya anthu amene adya m'nyumba mwanga. Ndinaonanso kuti amuna a m'galimoto aja sanakhale pansi. Anali ataima mozungulira bokosi, ngati akusirira vanishi.

Ndinalankhula ndili pamphasa pomwepo. Ndinafunsa kuti umboni uli kuti. Buku la ku mishoni? Azungu aja wantchito aliyense wamkazi ankamutcha Mere, ulesi wophunzira mayina. Amayi ena anaseka chamumtima. Bambo uja sanatembenuke n'komwe. Anati, "Amayi, pepani, nkhaniyi tikukamba amuna."

"Amuna ake ati amene anawasambitsa zaka zisanu ndi ziwiri? Andionetse manja."

Apo ndi pamene gogo wa ndodo anatsegula pakamwa koyamba. Mawu ake anali otsika, moti anthu anachita kuletsana phokoso. Anati mkulu wake ali ndi mphini kumsana, pansi pa phewa lamanzere. Mzere woyamba ndi wathunthu. Wachiwiri unalekezera pakati.

Msana umenewo ndinkaudziwa kuposa nkhope yanga. Ndinaupaka sopo, ndinaupaka mafuta, ndinautembenuza usiku ndi usana kuti usachite zilonda. Kangapo ndinafunsa chifukwa chake wotema mphiniyo sanamalize, mayi n'kungoti madzi azizira, fulumira.

Mkulu wa mpingo anandiyang'ana. "Amayi, zili choncho?"

Bodza linali kale pa lilime. Amene ankadziwa ndinali ine ndekha. Ndikanati ayi, n'kulowa, n'kutseka chitseko, alendowo akanakwera galimoto yawo. Sindinganene kuti ndinaopa Mulungu nthawi imeneyo. Ndinaopa amayi awiri osambitsa aja, amene anali atafika, ataima ndi beseni ndi sopo, makutu ali tcheru. Mmodzi wa iwo chinsinsi sichigona m'kamwa mwake. Akanaona msanawo, nkhani ikanafika pamsewu bokosi lisanatuluke, ndipo thupi akanalilanda panjira. Choncho ndinati za thupi la mayi anga sindikamba pabwalo. Gogoyo alowe yekha, wina aliyense ayi.

Ndinatseka chitseko n'kuchitchinga ndi mpando. M'chipindamo munali motentha, ndipo kafungo kanali katayamba. Ndinavundukula nkhope. Gogoyo anagwada movutikira, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. Anati mkulu wake anachoka ali mtsikana wongotha msinkhu kumene, nkhope iyi sangaidziwe. Mtima wanga unadumpha ndi chiyembekezo. Koma anati tiwatembenuze, ndipo tinawatembenuza.

Sanalire mokuwa monga ndinkayembekezera. Anayendetsa chala pa mzere woyamba mpaka kumapeto. Anayendetsa pa wachiwiri, ndipo pamene unathera chala chake chinaima. Kenako anamasula nsalu yake, anatsitsa bulauzi, n'kundilozetsa msana. Malo omwewo, katemedwe komweko, koma yake mizere yonse iwiri inali yathunthu. Anati amayi awo ndi amene ankatema ana awo aakazi, mzere umodzi lero, wina chilonda chikapola. Tsiku limene ankatema wachiwiri wa mkulu wake ndi limene kapitao wa pa esiteti anafika pakhomo.

Anaweramira kukhutu kwa mayi n'kunena, "Akulu, ndine. Ndachedwa."

Ine sindinafewe. Ndinawauza mawu amene mayi anandisiyira, onse awiri, monga anawanenera. Anafunsa ngati mayi anatchulapo dzina la mudzi. Ndinati ayi. Anafunsa ngati anatchulapo za mng'ono wawo. Ndinati ayi. Ndikanatha kuwanamiza kuti mtima ukhale pansi, koma sindinaone chifukwa.

Ndiye anandiuza, maso ali pa mkeka. Mudzi wawo unali pa malo a mzungu, ndipo ankalipira malowo ndi thukuta, kugwira ntchito m'fodya. Chaka china mzunguyo anafuna kuwathamangitsa. Koma anali ataona mtsikana, mkulu wakeyo, akusoka fodya pachigafa, ndipo anatuma kapitao kukanena kuti akufuna wantchito wa m'nyumba. Malume awo, mwini mbumba, anamva chimene chinkanenedwa, ndipo anavomera. Mudzi unatsala pamalo pake. Patapita zaka ziwiri mtsikanayo anabwerera wapansi, khanda lili kumbuyo. Malume omwewo anamuchingamira panjira ya kudambo, anasuzumira khandalo, n'kunena kuti mwana woyera chotere salowa m'mudzi, adzatibweretsera milandu.

"Munali inuyo kumbuyoko," anatero. "Munavala kachipewa koluka."

Ndinali ndisanadziwepo kuti kumudzi kumeneko ndinafikako. Ndinafunsa kuti manda amene akumba ali pati. Anati pamzere wa banja. Ndinafunsa kuti malume ajawo agona pati. Anangoweramitsa mutu, ndipo ndinadziwa kuti ndi pamzere womwewo.

"Nanga mukatuluka mukanena chiyani?"

"Tiyeni tiwasambitse kaye."

Ndinafunsanso, anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse nsalu. Ndinachotsa mpando, amayi a beseni analowa, ndipo tinasambitsa mayi anthu anayi. Ndinkayang'ana manja a mlendoyo nthawi yonse. Anali manja odziwa ntchito, osafulumira. Anapukuta pakati pa zala za kumapazi, chimodzichimodzi. Koma manja abwino ndawaonapo ambiri, ndipo sanandiuze chimene pakamwa pakanene panja. Bokosi linalowa, tinawaveka diresi la kumpingo, tinawagoneka. Pamene tinkatuluka, malaya anga anali atamatirira kumsana.

Gogo uja anaima pakhomo atatsamira ndodo. Bwalo lonse linatembenuka.

"Ndi iwowo," anatero. "Ndi akulu anga."

Amuna aja anasuntha nthawi yomweyo. Wina anathamangira kugalimoto n'kutsitsa chitseko cha kumbuyo, chinalira ngati mfuti. Mwana wanga anaimirira, anyamata okumba manda amene anali atabwerako anaimiriranso, ena makasu adakali m'manja. Ine ndinabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Ndinali nditaganiza kale kuti ndikakhala pamwamba pa bokosilo, andinyamulire limodzi mpaka ku Dedza.

"Koma galimoto sakwera," anapitiriza gogo uja.

Bambo wa jekete anayesa sanamve bwino. Anayandikira, n'kutsitsa mawu, koma tonse tinamva. "Amayi, nanga manda aja?"

"Imba foni. Adule nthochi."

"Anthu akatiseka, amayi. Amfumu tawauza, mudzi wonse wasiya ntchito."

"Akaseke. Tinawatulutsa amoyo. Atabwerera tinawabweza panjira, mwana ali kumbuyo. Lero poti sangathenso kukana ndiye tawafuna?"

Nkhope ya bamboyo inada. Anati mwini mbumba ndi iye, ndipo mawu omaliza ndi ake.

"Mbumba yakeyo unaitola kuti? Ndinakubereka ndine, ndinakupukuta mamina ndine. Wofuna kunyamula bokosi ili ayambe wanyamula ine."

Kumphasa kwa amayi kunamveka kuseka kumene munthu amakubisa m'nsalu. Mkulu wa mpingo, ataona kumene mphepo yalowera, anaimirira msanga n'kuyambitsa nyimbo, ndipo amayi a zoyera anailandira mwamphamvu moti panalibenso malo a mawu ena. Bambo uja anaima kanthawi, kenako anapita kuseri kwa galimoto, foni ili kukhutu. Ndinkaona dzanja lake likukwera ndi kutsika.

Mwambo wa mapemphero unali waufupi chifukwa cha kutentha. Anthu anaona nkhope, bokosi linakhomedwa, ndipo tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Amuna ananyamula pamapewa, akulandizana. Malo a amayi ndi pambuyo, koma ine ndinayenda pambali pa bokosi, dzanja langa lili pa thabwa. Wina anandinong'oneza kuti sizichitika, ndinamuyang'ana mpaka anabwerera. Chifukwa changa chinali chimodzi. Pikiapu ija inkatitsatira pang'onopang'ono kumbuyo kwa gulu, matiresi adakali oyala, ndipo nthawi iliyonse onyamula akamasinthana ndinkaona kuti phewa latsopanolo ndi la ndani.

Tinadutsa pamsika. Ogulitsa tomato anaimirira, akabaza anatsika panjinga zawo n'kuvula zipewa, wailesi ya m'shopu ina inazimitsidwa. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana, ndipo kamphepo kotentha kankanyamula fumbi ndi mapepala n'kumatiwaza kumaso. Mayi aang'ono, pakuti pofika apa ndinalibenso dzina lina lowatchula, anakana kukwera galimoto. Anayenda ndi ndodo yawo njira yonse, Tadala atawagwira mkono. Pokhotera kumanda msewu umagawikana, wina umapita kumsewu waukulu. Pamenepo ndinagwira thabwa ndi manja onse awiri. Onyamula anakhotera kumanda. Galimoto inaima pamphambano, injini ikulira, kenako inazima.

Kumanda owerenga mbiri ya malemu anali mwana wanga. Pepala limene analemba dzulo lake linali ndi mizere yochepa, ndipo poyambira pake pankati kumene anabadwira sikudziwika. Atafika pamenepo anaima, anayang'ana ine. Sindinagwedeze mutu, sindinapukusenso. Mayi aang'ono ndi amene ananena mokweza kuchokera pakati pa amayi kuti anabadwira ku Dedza, mwana woyamba mwa ana asanu, Nabanda. Mwana wanga anabwereza mawuwo mmene anawamvera. Bambo wa jekete anapatsidwa mpata wolankhula m'malo mwa abale. Anathokoza mpingo, anathokoza amfumu, n'kukhala pansi. Ine sananditchule, ndipo sindinadandaule.

Bokosi linatsika ndi zingwe za okumba athu. Ndinaponya dothi langa. Pokwirira, amuna awiri a ku Dedza analandira makasu n'kuthandiza, ndipo ndinaona kuti ankagwira ntchito moona, osati mwa chionetsero. Komabe sindinachoke. Anthu anaika nkhata, anaimba nyimbo yomaliza, anayamba kubalalika, ine ndili chiimire mpaka mtumbira unakwera n'kuumbidwa bwino. Madontho oyamba a chizimalupsa anagwa tikutuluka pamanda, akuluakulu, otalikirana, ongokwanira kudzutsa fungo la dothi.

Kunyumba anthu anasamba m'manja, anadya, anapita. Galimoto inanyamuka dzuwa lisanalowe kuti akafike kukwirira kusanade. Mayi aang'ono anakana kukwera. Anauza mwana wawo kuti adzawatenge tikadzasesa. Anakangana pang'ono pamsewu, kenako chitseko chinamenyedwa, fumbi linakwera. Tadala anatsala kuseri akutsuka miphika ndi mchenga, osadzutsa mutu. Sindinamulankhule tsiku limenelo. Ndinangomuikira chakudya chake pambali n'kuvundikira.

Madzulo kunawaza kamvula, kenako nyumba inakhala chete moti ndinkamva madzi akudontha kuchokera kumalata. Achibale otsala anagona msanga, ena pakhonde, ena kwa aneba. Pabalaza tinatsala awiri, ine ndi mlendo amene anali mayi anga aang'ono, ngakhale msinkhu wathu sunasiyane kwenikweni. Panali funso limodzi limene linkandikanda kuyambira m'chipinda muja, chifukwa nkhani yawo anaikamba ngati munthu amene anaona ndi maso, osati womva. Ndinafunsa kuti tsiku limene kapitao anabwera, amene anaperekeza mayi anali ndani.



"Ine," anatero. "Ndinasenza kamtolo kawo mpaka pageti. Mano akutsogolo anali atangoguluka kumene. Wophika wa mzungu anandithira shuga m'manja, ndinabwerera kumudzi ndikunyambita. Ndinkayesa apita kukadya zabwino."

Sindinawauze kuti munali mwana. Ankadziwa okha, ndipo zaka zonsezi sizinawathandize. Anapempha kuti agone m'chipinda cha akulu awo. Ndinalingalira za sutikesi ya mayi imene inali pansi pa bedi, ndinalingaliranso, kenako ndinawayalira.

Ndinabwerera pabalaza n'kukhala mumdima. Patapita kanthawi ndinamva akulankhula motsitsa kuseri kwa khoma. Ndinayesa akupemphera, koma ayi. Ankawauza akulu awo za kumudzi, munthu mmodzimmodzi: uyu anamwalira chaka cha njala, uyu anakwatiwa kutsidya kwa dambo, uyu anabereka amapasa, uyu anapita ku Joni osabwerako. Mayina onsewo ndinali ndisanawamvepo. Sindinayatse nyali. Ndinasendeza mpando mpaka khutu linagunda khoma, n'kuyamba kuwaloweza.